Zigamba za a Yakomoka

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ndi munthu yekhayo amene ndinamuonapo akumwetulira kompyuta itafa pakati pa ntchito. Ena amatukwana, ena amamenya tebulo. Iwo ankavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuuza kasitomala mwaulemu wonse kuti, "Dikirani pang'ono, yakomoka." Anawanena mawu amenewa mpaka anasanduka dzina lawo. Mumsewu wathu mukafunsa kojambulitsa mapepala, akuuzani kuti pitani kwa a Yakomoka, moyandikana ndi wometa.

Shopu yathu ndi chipinda chimodzi chopapatiza koma chachitali. Kutsogolo kuli kauntala, kumene ndimakhala ine ndi makina omangira mabuku ndi chimpeni chodulira mapepala. Pakati pali fotokope. Kumapeto, pansi pa zenera limene silinatsegukepo chilowereni ife, kuli sikana yaikulu yojambulira mapepala kuti alowe m'kompyuta, yotambalala moti imameza pulani ya nyumba yathunthu osaipinda. Alamu anaigula pa selo, kampani ina yomanga nyumba itagwa. Kampani imene inapanga sikanayo nayonso inatha kalekale, ndiye ndi mwana wamasiye. Amisiri omanga ndi ojambula mapulani amadutsa mashopu owala bwino n'kubwera kudzapanikizana kwathu chifukwa cha nkhalamba imeneyi. Tisanamizane, ndiyo imatidyetsa. Zanga zomanga mabukuzi n'zongoperekeza.

Zamakompyuta alamu sanaphunzire kusukulu. Anayamba ngati mesenjala pa ofesi ina, kenako anakwezedwa kukhala wotayipa makalata. Zaka zambirimbiri ankalemba mawu a anthu ena mosaphonya ngakhale kadontho, pansi pake n'kusiya mpata woti wina asainepo. Kwawo ndi omaliza kubadwa. Pamsonkhano wa banja ndi amene amayala mipando, mipando ikakwana ena onse iwo n'kuimirira kumbuyo. Mng'ono wanga amati anawakonda chifukwa sakangana ndi munthu. Ine ndimati sakangana chifukwa palibe amene anawafunsapo maganizo awo.

Atagula sikana ija, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene imachita kugulidwa inakana kuizindikira. Wojambula mapulani wina ndiye anawauza za pulogalamu ina yaulere, yolembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, imene aliyense akhoza kusuzumira mkati mwake n'kukonzamo. Anaiika, ndipo sikana inadzuka. Kuyambira tsiku limenelo m'shopu munalowa mawu achilendo.

"Alamu, pali chinthu chimatchedwa kenelo," anandiuza ine ndikuboola mapepala. "Ameneyo ndi kapitawo wa m'kompyuta. Ndi amene amauza sikana, kiyibodi, zonse, chochita. Kapitawo akagwa, ntchito yonse yaima."

"Ndiye sikana yathuyi amayankhula nayo chilankhulo chanji kapitawoyo?"

"Ali ndi womasulira. Kachigawo kakang'ono mkati mwa kenelo. Amakatcha dalaivala."

"Dalaivala wopanda galimoto," ndinatero. "Mwapeza anzanu."

Vuto linali lakuti kapitawoyo ankagwa kawirikawiri. Pulani ili pakati, kompyuta ija n'kuuma gwa, galasi lake n'kudzaza zilembo zoyera ndi manambala osatha. Alamu anandiuza kuti eni ake amati zikatero kenelo yachita mantha. Ndinaseka mpaka misozi. Ine wokhala ndi kasitomala wokwiya pamaso sindichita mantha, koma chitsulo chokhala phee pakona ndicho chichite mantha.

Wojambula mapulani uja atamva, anati ofesi yokadandaulako kulibe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pali malo amodzi pa intaneti kumene aliyense amatumiza kalata, ndipo kalata iliyonse imawerengedwa ndi onse n'kusungidwa mpaka kalekale. Amene waona vuto amalemba yekha kumeneko.

Kalata yoyamba alamu anailemba atavala tayi. Anaiyamba monga anaphunzirira kuofesi. Anapereka moni kwa akuluakulu onse, nakhulupirira kuti mabanja awo ali bwino, nafotokoza kuti ifenso kuno tilipo kupatula chimfine cha mwana. Anathokoza chifukwa cha ntchito yotamandika. Anapepesa powasokoneza. Pafupi ndi kumapeto ndi pamene anatchula, mwamanyazi, kuti kompyuta yawo nthawi zina imadwaladwala. Anaphatikizapo chithunzi cha galasi chojambula ndi foni, mmene munkaoneka bwino nkhope yawo, zenera, ndi ine kumbuyo ndikudya nthochi. Zilembo zokha ndi zimene sizinkawerengeka.

Yankho linabwera mawa lake. Linali lalifupi kuposa kuyetsemula: "Kenelo nambala chani? Tumizani mawu onse amene inalemba pogwa."

Moni panalibe, chimfine cha mwana osachifunsa n'komwe. Ine ndinapsa mtima m'malo mwawo. Ndinati anthu odzilera okha awa, kwawo kulibe akulu? Koma alamu anaisindikiza kalatayo, n'kundipempha kuti ndiikutire pulasitiki. Anaipachika pamwamba pa sikana. Munthu wa kutsidya kwa nyanja anali atawafunsa funso, ndipo padziko lonse lapansi yankho lake ankalidziwa ndi iwo okha.

Wolemba kalatayo anali mayi wina amene ankasamalira dalaivala wa sikana zamtundu wathu. Sitinaonepo nkhope yake. Alamu anamutcha Namwino, poti ndiye ankasamalira wodwala. Mng'ono wanga anamutcha mkazi mnzake. Namwinoyo sikana yotere analibe. Yake inatha kalekale, ndipo anafunsa pagulu ngati alipo amene akadali nayo. Panalibe amene anayankha kupatula alamu.

Apa m'pamene anayamba kuyenda mosiyana. Namwino anawaphunzitsa kuti vuto losadziwika kabweredwe kake silichizika, ndiye ayenera kupeza njira yoigwetsera kompyuta mwadala. Anavutika nazo milungu ingapo, mpaka anaipeza. Uisiye sikana igone yokha, ulowetse pepala mpaka pakati, ndiyeno uidzutse ndi batani lobiriwira. Pompo kenelo yachita mantha. Tsiku limenelo anagulira aliyense zakumwa, ndi wometa yemwe.

"Ndikutha kuigwetsa nthawi iliyonse imene ndafuna," anauza mmisiri wina womanga, kasitomala wathu wakale, amene anali ataima ndi mapulani kukhwapa.

"Nanga kuti isagwe, mukutha?" anafunsa mmisiriyo.

"Zimenezo zikubwera," anatero alamu, n'kuigwetsanso kuti mmisiriyo aone ndi maso ake.

Kenako panabwera ntchito imene ankaitcha kudula pakati. Kenelo imasinthidwa tsiku ndi tsiku, ndipo inalipo yakale imene sinkagwa. Ndiye umatenga ya pakati pa yakaleyo ndi yatsopano, kuimanga, kuiyesa. Ikagwa, wolakwa ali kumbuyo. Ikapanda kugwa, ali kutsogolo. Udulenso pakati, mpaka utsale ndi kusintha kumodzi kumene kunabweretsa matendawo. Kumanga kenelo imodzi pakompyuta yathu yokalambayo kunkatha theka la tsiku, chokupizira mphepo chake chikulira ngati chikupempha madzi. Nthawi yonseyo sikana sinkagwira ntchito, ndipo amene ankapepesa makasitomala ndinali ine. Ndinapepesa mpaka pakamwa panauma.

Wolakwa atapezeka, kunayamba kubwera zigamba. Ndi mmene amatchulira timizere tochepa tokonzera pamene pang'ambika mu kenelo. Namwino ankatumiza chigamba n'kulemba kuti, "Yesani ichi." Alamu ankachisoka, kumanga, kugoneka sikana, kulowetsa pepala, kudina batani lobiriwira. Kenelo n'kugwa. Iwo n'kukopera mawu ake omaliza mosaphonya kadontho, poti kutayipa ndiyo inali ntchito yawo, n'kutumiza pamodzi ndi moni wa banja lonse. Yankho: "Zikomo. Yesani ichi."

Zikomo ameneyo ankawakwanira sabata yathunthu. M'mawa uliwonse, asanasese n'komwe pakhomo, ankathamangira kumapeto kwa shopu kukaona ngati Namwino walemba. Akapeza kalata, tsiku limenelo ankaimba mluzu. Kunyumba, mng'ono wanga akawatuma kukagula mafuta a nyale kapena sopo, ankayankha kuti dikirani kaye, kuli anthu kunja akudikira zotsatira.

Anandionetsanso mwambo wa anthuwo. Chigamba chikatheka n'kulandiridwa, pansi pake amalemba mizere ya mayina. Wina umati "Ananena ndi", wa amene anaulula vuto. Wina umati "Anayesa ndi", wa amene anatsimikiza kuti lathadi. Mizere imeneyi imalowa m'mbiri ya kenelo ndipo siifufutika. Alamu ankaloza ndi chala pagalasi pamene padzakhale dzina lawo. Munthu amene anatayipa makalata moyo wake wonse n'kumasiyira ena mpata wosaina, ulendo uno mpatawo unali wake. Ndinkawaseka, komabe pansi pamtima ndinkawafunira zabwino.

Chigamba chenicheni chinafika m'mawa wina kukuwaza mvula, m'shopu mulibe kasitomala. Namwino analemba mawu ambiri kuposa masiku onse. Anati akuganiza kuti wachigwira tsopano: sikana ikamadzuka, dalaivala ankafikira pamalo amene anali atawataya kale. Alamu anasoka, namanga. Chakumasana anagoneka sikana, nalowetsa pepala mpaka pakati, nadina batani lobiriwira. Pepala linapitirira bwinobwino n'kutulukira mbali inayo.

Anabwerezanso. Linapitirira. Anayesa pepala lokhuthala, anayesa lopyapyala, anayesa lopindika pakona. Anazula chingwe n'kubwezera. Kenako anandiitana.

"Alamu, tadinani ndinu. Mwina dzanja langali yalizolowera."

Ndinadina. Kenelo osachita mantha ngakhale pang'ono.

"Basitu, yachira," ndinatero. "Lembani, dzina lanu lilowe."

Anakhala pampando manja ali pamaondo, nkhope ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yomaliza yapita. Kenako anatsegula makalata akale a anthu ena, a mavuto ena amene anatha, n'kumatsika nawo mmodzimmodzi. Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Paliponse zinali chimodzimodzi. Munthu alemba kuti chigamba chagwira, wina ayankha kuti zikomo, dzina lilowa pamzere, ndipo pansi pake palibenso kalata ina. Nkhani yathera pomwepo.

"Akatero salemberananso?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Alemberane chiyani? Wodwala wachira."

Ndinabwerera kukauntala. Nditawabweretsera tiyi ndinapeza akutayipa, ndipo maso anga sanaphunzitsidwe ulemu. Pambuyo pa moni wanthawi zonse panali mawu awa: "Yagwanso. Koma ulendo uno yangozima, sinasiye mawu alionse."

"Alamu, mukulemba chiyani?"

"Wodwala satulutsidwa m'chipatala tsiku lomwe wayamba kudya," anatero. "Ndikufuna ndiiyang'anire kaye masiku angapo. Mwina igwa mawa."

"Ndiye mulembe kuti mukuiyang'anira. Apa mwalemba kuti yagwa."

"Ndi kalembedwe chabe."

"Pakadafunda padajiwitsa galu, alamu."

Anatumiza ine ndili chiimire.

Ndiye onani mmene dziko lilili. Nthawi yonse imene ankanena zoona, ankawalembera munthu mmodzi. Atanama, kunabwera khamu. Zikuoneka kuti kwa anthu amenewa kenelo yofa osasiya mawu ndi nyama yonona. Wina analemba kuti mwina vuto lili pa magetsi. Wina anati ayi, n'zosatheka, amene akuganiza choncho sanawerenge bwino. Woyamba uja anabwerera ndi kalata yaitali yotsimikiza kuti mnzakeyo ndi mbuli. Anakangana sabata yonse za sikana imene sanaionepo, pa matenda amene kunalibe, ndipo aliyense pomaliza ankati, "Tiyeni timufunse woyesa wathu." Alamu anagula tayi yachiwiri.

Zigamba zinkabwera ngati mvula. Zina zinali zongowonjezera maso mkati mwa kenelo kuti ikamafa inene kanthu. Alamu ankazisoka zonse mokhulupirika, kumanga, kugoneka sikana, kudina batani. Pepala linkapitirira. Iwo n'kulemba kuti, "Palibe kusintha." Tsiku lina anandiuza kuti mawu amenewo si bodza, poti kunalibedi kusintha. Ndinawauza kuti akanakhala loya bwenzi tili ndi nyumba yosanja.

Makasitomala okha ndi amene anadabwa. Mmisiri uja anabwera ndi nyuzipepala yoti aziwerenga podikira, monga mwa masiku onse, koma asanatsegule tsamba loyamba mapulani ake anali atatha. Anayang'ana sikana, nayang'ana alamu.

"A Yakomoka, mwaipatsa chiyani?"

"Ikadali m'manja mwa madokotala," anatero alamu motsitsa mawu.

Nkhaniyi ndinamutsina khutu mng'ono wanga. Iye anangoti asiyeni, bola akudya bwino masiku ano. Koma tsiku lina ndili kwawo pa chakudya chamadzulo, alamu anatulutsa foni n'kutiwerengera kalata ya Namwino monyadira. Kanali koyamba mayiyo kutchula za moyo wake. Anati ntchito imeneyi salipidwa, amaigwira akaweruka ku ntchito yake yeniyeni. Anati Loweruka ndi Lamlungu lonse wathera pa vuto limeneli, mwana wake wapita kokasambira ndi aneba, ndipo sakumvetsabe pamene akulakwitsa.

"Mwamva?" anatero alamu. "Loweruka ndi Lamlungu lonse. Chifukwa cha sikana yathu."

Mng'ono wanga anaika supuni pansi. Iyeyu sakweza mawu, n'chifukwa chake akayankhula zimapweteka.

"Bambo a mwana, mayi wa eniakeyo mukumudyera masuku pamutu," anatero. "Ine ndinkamuchitira nsanje. Tsopano ndikumumvera chisoni, poti ndikudziwa mmene zimakhalira kudikira inu kuti munene zoona."

Alamu anati akonza. Anati akungofuna mpata wabwino, mwina chigamba chotsatira adzanene kuti chimenecho ndiye chagwira, aliyense atuluke ndi ulemu wake. Koma chigamba chotsatira chitabwera, kunabweranso munthu watsopano wa dziko lina ndi maganizo atsopano, n'kuwatchula alamu kuti "woyesa wathu wakhama". Mpata wabwino uja unasunthira kutsogolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika m'mawa wina ine ndikutsegula chitseko. Pamwamba pa Namwino pali mkulu wina woyang'anira madalaivala onse a zipangizo zotere, munthu amene mawu ake ndi omaliza. Nthawi yonseyi anali chete. Tsiku limenelo analemba, ndipo alamu anandiitana kuti ndiwerenge ndekha.

Mkuluyo anati nkhaniyi yadya nthawi ya anthu ambiri. Dalaivala amene amapha kompyuta mwakachetechete ndi woopsa, ndipo palibe amene akutha kumukonza. Wogwiritsa ntchito wodziwika ndi mmodzi yekha padziko lonse. Choncho akuganiza zomuchotseratu mu kenelo yotsatira, pokhapokha wina atabwera ndi chifukwa chomveka.

Pansi pake panali yankho la Namwino. Anavomera. Kenako analembera alamu, pamaso pa onse: "Pepani. Mwayesa chilichonse chimene ndinakutumizirani, osadandaula. Ine ndi amene ndakulepherani."

Ndinakhala pa katoni ya mapepala. Kompyuta yathu inali ikutsokomola kale, ndipo tonse tinkadziwa kuti siimaliza chaka china. Yatsopano idzafuna kenelo yatsopano. Mu kenelo yatsopanoyo mukadzakhala mulibe dalaivala, sikana yathu idzakhala tebulo lalitali loikapo makapu, ndipo amisiri adzapita kumashopu owala aja. Ndinawauza zonsezi, ndipo sindinawauze mofatsa. Ndinawakumbutsa kuti ali ndi ana, ndinawakumbutsa kuti inenso ndimadya. Ndinawauza kuti anthu ena amalodzedwa, koma iwo adzilodza okha atavala tayi. Wometa anasuzumira pakhomo n'kubwerera.

Alamu zanga zonsezo sanazimve. Maso awo anali pa mzere umodzi womwewo.

"Akupepesa kwa ine," anatero.

"Eya. Ndiye mutani?"

"Ndimulembere payekha. Ndimufotokozere bwinobwino, mwina iye apeza njira yowauzira anzakewo."

"Kuti akanamenso m'malo mwanu? Mkuluyo walemba pagulu, ndipo akudikira yankho pagulu. Mwayi wolemba kumbali unalipo, munaudya."

"Kumeneko makalata safufutika, alamu. Adzukulu anga adzawerenga."

"Munkafuna dzina losafufutika. Ndi limeneli."

Mawu amenewo anali owawa, ndipo ndinaona kuti alowa. Anavula magalasi, koma sanawapukute. Anakokera mpando pafupi n'kuyamba kutayipa. Analemba moni kwa akuluakulu onse, n'kufufuta. Analemba ndime yaitali yofotokoza za ubwana wawo, za mipando, za makalata a kuofesi, za mmene m'mawa umakomera ukadziwa kuti wina wake kwinakwake akudikira mawu ako. Ndinaiwerenga ndili kumbuyo kwawo. Nayonso anaifufuta. Zimene zinatsala ndi izi:

"Chigamba cha tsiku lija chinagwira kuyambira ulendo woyamba. Kompyuta sinagwenso. Zoti ikuzima mwakachetechete ndinanama. Musachotse dalaivala. Wolakwa ndine, si iye."

M'moyo wawo wonse, imeneyi inali kalata yoyamba yopanda moni. Pomaliza anaphunzira kulemba ngati anthu a kumeneko.

Ndinkayembekezera kuti kugwa matalala. Anthu amene ankatukwanana chifukwa cha magetsi, ndinati munthu wonama amusenda wamoyo. Koma kunangoti zii. Khamu lonse lija linabalalika osatsanzika. Alamu ankapitabe kumapeto kwa shopu m'mawa uliwonse, kuyang'ana, n'kubwerera kudzatenga tsache. Ine ndikanakonda akanawatukwana, chifukwa wokutukwana ndiye kuti akukuonabe.

Patapita masiku, mkulu uja analemba mzere umodzi, wakuti chigamba chenicheni chija chalandiridwa ndipo dalaivala akhala. Alamu anatsegula chigambacho n'kutsika nacho mpaka pansi. Mzere wa "Ananena ndi" unalipo, dzina lawo lili pomwepo, lolembedwa molondola. Wa "Anayesa ndi" panalibe. Sanaikepo dzina la munthu wina, anangousiya. Alamu ataona anati, "Achita bwino." Ichi sanandipemphe kuti ndichikutire pulasitiki.

Sikana inapulumuka, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito ngati yatsopano. Kompyuta yakale itafa tinagula ina, n'kuikamo kenelo yatsopano, ndipo inaizindikira nkhalamba yathu nthawi yomweyo. Makasitomala achuluka, poti palibenso kudikira. Mmisiri uja anasiya kubwera ndi nyuzipepala. Dzina lokha ndi limene linakana kuchoka. Ana a sukulu obwera kudzajambulitsa mapepala amati "a Yakomoka" osadziwa kuti chinkakomoka n'chiyani, ndipo alamu amayankha. Matayi awiri aja amavala ku maukwati.

Makalata a pagulu paja amawerengabe. Salemba, amangowerenga, monga munthu amene amadutsa dala pakhomo pamene ankakhala kale. Miyezi ingapo yapitayi anandiitana kumapeto kwa shopu. Anthu aja anali akusintha zinthu zina zikuluzikulu mu kenelo, ndipo kusinthako kunakhudza dalaivala wathu. Namwino anali atalemba chigamba chatsopano. Pansi pake anafunsa gulu lonse kuti, "Kodi alipo wina amene ali ndi sikana yamtunduwu woti angayese?"

Alamu analoza mawu amodzi ndi chala.

"Akuti wina," anatero.

Tonse tinkadziwa kuti wina kulibe. Sikana yotere yamoyo inali imodzi, ndipo inali pambali pathu, itafunda nsalu yake yotchinga fumbi. Funsolo linakhala pamenepo masiku, kenako milungu, popanda woyankha.

Loweruka lina masana, makasitomala atatha, ndinamva chokupizira mphepo cha kompyuta chikulira kulira kwake kwa pomanga kenelo. Sindinafunse. Ndinapitiriza kudula mapepala anga. Dzuwa litapendeka ndinawaona akugoneka sikana, akulowetsa pepala mpaka pakati, akudina batani lobiriwira. Anayesa lokhuthala, anayesa lopyapyala, anazula chingwe n'kubwezera. Atamaliza anayang'ana kiyibodi, manja ali pamaondo, koma pagulu paja sanalembepo kanthu. Kenako anadzuka, nayenda shopu yonse mpaka kukauntala, naima patsogolo panga ngati kasitomala.

"Alamu, chigamba chatsopano chija ndachiyesa," anatero. "Chikugwira bwinobwino. Sinagwe."

Ndinali ndi nthabwala itafika kale pamlomo, ndipo inali yabwino. Ndinaimeza.

"Zikomo, alamu," ndinatero. "Ndamva."

Anagwedeza mutu, n'kupita kukafunditsa sikana nsalu yake.